Akakombo a Claude Monet

Kodi nchifukwa ninji nkhalamba ya ng'ala m'maso inatha zaka zake zomaliza ikujambula maluwa a m'dziwe, chikhalirecho dziko lake lili pa nkhondo? Tikunena za Claude Monet, mmisiri wa zithunzi wa ku France.

Dziwelo analikumbitsa yekha ku Giverny m'chaka cha 1893, nabzalamo akakombo. Tsono masautso anamgwera motsatizana: mkazi wake Alice anamwalira mu 1911, mwana wake Jean mu 1914, ndipo mwana wina, Michel, anapita ku nkhondo. Monet anavomera m'kalata kuti ankachita manyazi kusinkhasinkha za utoto pamene anthu anali kufa. Komabe ntchito sanaileke, popeza inali kumchotsa nkhawa.

Chimene chikutikhudza ife nchakuti chitonthozocho sanachiumire. Nkhondo italekeka pa 11 Novembala 1918, m'mawa mwake analembera bwenzi lake Georges Clemenceau, Nduna Yaikulu, kuti afuna kupereka zithunzi zake ku mtundu wonse. Mphatsoyo inanka nikula, kufikira zithunzi 8 zazikulu zinazungulira makoma a zipinda ziwiri za Orangerie ku Paris. M'zithunzimo mulibe munthu, mulibenso gombe. Wolowa angoona madzi, mitambo, mitengo ndi maluwa. Tiganiza kuti adafuna kuti anthu otopa ndi maliro apezepo popumira.

Zipindazo zinatsegulidwa mu Meyi 1927, mwini wake atamwalira kale pa 5 Disembala 1926. Odzaona anali owerengeka, ndipo panapita zaka zoposa 20 ntchitoyo isanalemekezedwe.