Kanema Wakula, Nanga Tebulo Lake?

Amayi, mlendo akalowa pabalaza m'nyumba zambiri za ku Area 9 mu mzinda wa Lilongwe, maso ake amayamba kugwera pa wailesi yakanema. Koma kodi inu eni nyumba mudayang'anitsitsapo chimene chanyamula kanemayo? Kawirikawiri bambo amafika naye kuchokera ku sitolo za ku Old Town, namuika pa katebulo kamene kale kankakhala wailesi. Mawa lake iwo apita ku ntchito, ndipo otsala ndi mwana wokwawa pansi pa katunduyo ndinu.

Pamene Television Malawi inkayamba kuulutsa mu 1999, makanema onse adali aja a chinunda kumbuyo. Ambiri akadalipo, makamaka kumudzi ndi m'zipinda za ana. Wa mainchesi 21 amalemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo, ndipo kulemerako kuli kutsogolo, kugalasi. Mwana akakoka kansalu koluka kamene mwayala pansi pake, kanemayo amagwa chafufumimba, pamwana pomwepo. Wotereyu amafuna tebulo lalifupi, lotambalala, loti chinunda chonse chikhalepo. Musamuike pamwamba pa kabati ya madilowa, pakuti ana amatsegula madilowawo nkumakwerapo ngati makwerero.

Makanema a masiku ano ndi opyapyala ndi opepukirapo, koma sachedwa kupendama. Dziwani kuti mainchesi olembedwa pa katoni amayezedwa mopingasa, kuchokera pa ngodya yapamwamba kufika pa ngodya yapansi ya mbali inayo. Wa mainchesi 32 m'lifupi mwake ndi masentimita pafupifupi 73, pomwe wa mainchesi 55 amafika pafupifupi 123. Ambiri miyendo yawo ili kumapeto, choncho tebulo likachepa mwendo umodzi umatsala m'malere.

Tsono musanatulutse ndalama, tengani tepi yanu yosokera ija, muyeze tebulo ndi malo a pabalaza. Tebulo lipose kanema ndi chikhatho chimodzi mbali iyi ndi inayo. Kusitolo funsani kulemera kwa kanemayo ndi kulemera kumene tebulo lingasenze. Safunsa adadya phula.

Mukapita kwa amisiri a matabwa ku Mchesi, atengereni miyeso yolemba papepala. Mlombwa ndi mbawa ndi matabwa olimba. Paini ndi wotsikirapo mtengo, koma thabwa lake likhale lochindikala ndipo pakati pakhale mchirikizo kuti lisapindike. Chenjerani ndi matebulo a utuchi wopanikiza. Amakongola ali atsopano, koma madzi okolopera akamalowa kunsi tsiku ndi tsiku amafufuma nayamba kugwedera. Lisanachoke kwa mmisiri, ligwedezeni ndi manja anu.

Pomaliza, kumbuyo kwa kanema wopyapyala kuli timabowo tinayi tomangirapo. Itanani mmisiri am'mangirire ndi lamba ku khoma, kapena am'pachike ndi chitsulo choyenera msinkhu wake. Ngati nyumba ndi ya lendi, yambani mwapempha eni ake musanaboole khoma. Nthambo zonse zipite kuseri, ndipo pamwamba pa tebulo pasakhale maswiti kapena zidole zokopa mwana kukwera.

Madzulo ano, ana akagona, kankhani pang'ono kanema wanu ndi chala chimodzi. Akagwedera, nkhaniyo mukambirane ndi bambo usiku womwewo.