Mankhwala Ofeŵetsa Minofu ya M'mimba: Tiŵamwe Mosamala

Kupotokola kwa m'mimba ndi vuto lodziŵika m'banja lililonse kuno kuchigwa, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mua ndi ku Mtakataka. Wodwala akapita kuchipatala, nthaŵi zina amapatsidwa timibulu totchedwa Buscopan, timene dzina lake la kwa adokotala ndi hyoscine butylbromide. Mankhwalaŵa ngabwino ndithu, komatu mu ubwino wawo womwewo muli msampha umene makolo tiyenera kuudziŵa.

Matumbo, chikhodzodzo ndi njira ya mkodzo zili ndi minofu imene imagwira ntchito yokha, ife osailamula. Minofuyi ikakungika mopyola muyeso, munthu amamva kupotokola. Buscopan amatsekereza uthenga wa mitsempha wouza minofuyo kuti ikungike, ndipo ikafeŵa ululu umaleka. Mankhwalaŵa anayamba kugulitsidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1950 ndi kampani ya Boehringer Ingelheim, ndipo gwero lake ndi masamba a mtengo wa ku Australia wotchedwa Duboisia. Kambulu kamodzi kamakhala ndi mamiligalamu 10.

Tsono msampha uja ndi uwu: mankhwalaŵa amatonthoza ululu, koma sachiza chimene chaubweretsa. Mwana wosamba m'nyanja kapena m'madambo akayamba kukodza magazi, nthenda yake ndi likodzo, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Wotsekula m'mimba afunika Thanzi ORS ndi kuthamangira naye kuchipatala, pakuti sitinaiŵale kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno. Choopsa koposa ndi ululu wochokera ku matumbo opotana, ku apendikisi yotupa, kapena ku mimba yokhazikika kunja kwa chiberekero. Zotere zimafuna opaleshoni msanga. Munthu akamwa kambulu nkupezako bwino pang'ono, banja limati wachira, m'menemo nthenda ikukula. Pofika ku chipatala cha Mua, kapena pokwera phiri kupita ku chipatala cha boma ku Dedza, nthaŵi imakhala itatha kale.

Chotero, ululu ukakhala waukulu kapena wosaleka, ukadza pamodzi ndi kutentha thupi, kusanza, mimba yofufuma, chimbudzi cha magazi, kapena kulephera kuchita chimbudzi ndi kutulutsa mpweya, musapereke mankhwalaŵa. Nyamulani wodwalayo tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera naye asamwe popanda kuonedwa ndi adokotala kapena anamwino.

Alipo anthu ena amene Buscopan saŵayenera. Abambo achikulire amene amavutika kutaya madzi chifukwa cha kutupa kwa prostate angathe kutsekeka mkodzo kotheratu. Odwala nthenda ya maso yotchedwa glaucoma angaonjezere vuto lawo, ndipo maso akafiira ndi kuŵaŵa atamwa mankhwalaŵa, afulumire kuchipatala. Amene mtima wawo umagunda mothamanga achenjerenso. M'chaka cha 2017 akuluakulu oyang'anira mankhwala ku Britain anachenjeza kuti jakisoni wa Buscopan ngwoopsa kwa odwala mtima. Timibuluti sitiperekedwanso kwa ana osakwana zaka 6. Nchifukwa chake pofotokoza matenda tisabise kanthu. Tinene matenda athu akale ndi mankhwala ena onse amene tikumwa, ngakhale Piriton amene ambiri timamuyesa wamba, pakuti akakumana ndi Buscopan zovuta zake zimakula.

Ngakhale womwa mwa malangizo angaone kuuma m'kamwa, kudzimbidwa, kuona mwachimbuuzi ndi kugunda kwa mtima. Pali chinanso chotikhudza ife a kunyanja makamaka: mankhwalaŵa amachepetsa thukuta, chonsecho thukuta ndilo limaziziritsa thupi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene dzuŵa la kuno limaŵaula ngati moto, mlimi wososa m'munda kapena msodzi wokhala m'bwato tsiku lonse angathe kukomoka ndi kutentha. Womwa mankhwalaŵa apume pamthunzi ndipo amwe madzi ambiri.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tisagule timibulu kwa ogulitsa m'misika, amene amatiyala padzuŵa topanda dzina kapena tsiku lotha mphamvu. Lamulo la m'chaka cha 2019 linakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kuti liziyang'anira mankhwala m'dziko muno, koma mlonda woyamba ndi kholo pakhomo pake. Tisapyole muyeso umene atiuza kuchipatala, tisagaŵire mnansi zotsala zathu poganiza kuti matenda ndi amodzimodzi, ndipo tisunge mankhwala pamalo ouma, ozizira, pamene ana sangafikire. Ululu ukabwerera mankhwala atatha, njira ndi yobwerera kuchipatala, kuti adokotala akafufuze chimene chikuubweretsa.