Ma points yang'ono si ndiye kuti wangena pa UNZA

Iwe wa Grade 12 pa Libala Secondary, na iwe ugwira nchito mu town koma ufuna kubwelera ku sukulu, imvela iyi. Ma results ya ECZ yakachoka, aliyense mu komboni amafunsa chimozi chabe: "Wapeza ma points yangati?" Koma funso yamene izakusegulila gate ni iyi: ma credit yako yali mu ma subject yati?

Tiyambe na manambala. Pa pepala yako, 1 na 2 ni distinction, 3 na 4 ni merit, 5 na 6 ni credit. 7 na 8 wapasa chabe, 9 wafeluka. Ma points niku sankha ma subject 6 yamene wachita bwino, English ilimo, na kuonkhesa. Nambala ikachepa ndiye bwino. 6 points ndiye pamwamba.

Manje ona apa. Munzako wapeza 1, 2, 2, 3, 3, koma English 7. Ni 18 points, ba mami bayamba kale kuimba nthungululu. Iwe uli na 4 mu vonse 6, ni 24 points, wazikhomela mu room. Koma UNZA ifuna ma credit 5, English ilimo. Iwe unga apply. Munzako afunika kulembanso English pa GCE. Ngati ufuna engineering olo medicine, yang'ana futi Maths na Science, chifukwa 1 ya R.E. siizavala 8 ya Maths.

Nanga mock? Ija ni kuyesa chabe. Ba teacher bako ndiye bamachonga, ndipo sukulu iliyonse ili na dzanja yake, ena bouma, ena bofewa. Mayeso yeniyeni yamachongewa na bantu bamene sibakuziba, ndipo ECZ ndiye imaika malire ya ma grade. So 3 ya mu mock si lonjezo, 8 si chilango. Tenga pepala, uone mafunso yamene yanakugwetsa, uyambile pamene apo.

Ukalibe kupeleka ndalama ya application form, lemba ma subject yamene course yako ifuna, uike grade yako pambali pa iliyonse. Pamene pali 7, 8 olo 9, ndiye pofunika kukonza. Ndalama ya ba tate siyomela pa mtengo.