Msinkhu wa mwana ndi manambala olembedwa pa zovala ndi nsapato

Mwezi wa September ukamayandikira ndipo sukulu zikukonzekera kutsegulidwa, makolo ambiri amapezeka pa kaunjika kapena kwa telala akudandaula kuti yunifolomu ya chaka chatha yafupika ndipo nsapato zayamba kuthina. Dandaulo limeneli, ngakhale kuti limapweteka m'thumba, ndi umboni woti thupi la mwana likugwira ntchito yake. Chodetsa nkhawa, chimene alangizi a zaumoyo amakumana nacho kusikelo, ndi mwana amene malaya omwewo akhala akumukwana kwa zaka ziwiri kapena zitatu, pomwe makolo ake akusangalala kuti sawonongetsa ndalama.

Mwana amabadwa wotalika pafupifupi masentimita 50, ndipo m'chaka choyamba chokha amawonjezera masentimita 25, liwiro limene sadzakulanso nalo moyo wake wonse. Pofika zaka 4 amakhala atafika pafupifupi mita imodzi, kenaka amatalika ndi masentimita 5 kapena 6 pachaka mpaka nthawi yotha msinkhu.

Kutalika konseku kumachitikira pamalo ochepa kwambiri. Chakumapeto kwa mafupa aatali, monga la pantchafu ndi la pamwendo, pali kachigawo kopyapyala ka chichereŵechereŵe, chimene ndi mnofu wolimba koma wopindika ngati umene uli kukhutu. Maselo a m'kachigawo kameneka amagawikana n'kudzindandalika m'mizere yolunjika kumene fupa likulowera, ndipo amene ali kumapeto kwa mzere amafufuma, amafa, n'kusiya malo amene mitsempha ya magazi imalowamo itanyamula maselo omanga fupa ndiponso kashiamu. Motero mbali imodzi ikamauma kukhala fupa, mbali ina imapanga chichereŵechereŵe chatsopano, ndipo mwendo umatalika. Ntchitoyi imalamulidwa ndi mahomoni, amene ndi timadzi tonyamula uthenga m'magazi. Kachiwalo kakang'ono kamene kali pansi pa ubongo kamatulutsa homoni yokulitsa thupi, makamaka mwana akagona tulo tofa nato, ndipo homoniyo imachititsa chiwindi kupanga ina yotchedwa IGF-1, imene imafulumizitsa maselo aja. Thupi likasowa zakudya zomanga thupi kapena likamalimbana ndi kutsekula m'mimba ndi malungo pafupipafupi, IGF-1 imachepa, maselo amachedwa kugawikana, ndipo masentimita amene atayika m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, savuta kutaya koma amavuta kwambiri kubweza. Pamapeto pa kutha msinkhu, kachigawo kaja kamauma konse ndipo munthu satalikanso ngakhale atadya bwanji.

Apa ndi pamene mawu akuti “ndi ufupi wa kumtundu” ayenera kutsutsidwa mosabisa, chifukwa abisa kupinimbira kwa ana ambiri m'makomo. N'zoona kuti msinkhu wa makolo uli ndi gawo lake, koma pakati pa 1997 ndi 2003 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayeza ana a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States amene ankayamwitsidwa ndi kusamalidwa bwino, ndipo linapeza kuti m'zaka 5 zoyamba ana a mitundu yosiyanasiyana imeneyi amakula mofanana kwambiri. Miyezo imene inatuluka mu 2006 kuchokera m'kafukufukuyu ndi imene achipatala amayerekezera nayo msinkhu wa mwana. Kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anasonyeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ku Malawi anali opinimbira, kutsika kuchoka pa 47 mu 2010, ndipo kutsika kwachangu chotere sikukanatheka ufupiwo ukanakhala wa m'magazi. Chikhulupiriro choti mwana akadumphidwa ali chigonere sakula nachonso chilibe maziko, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona banja likukalipira wodumpha mwana pomwe phala la mwanayo lilibe nsinjiro.

Nambala ya pakhosi pa malaya a pakaunjika imasokoneza chifukwa opanga zovala sagwirizana kalembedwe. Zovala zambiri za ku Britain zimalembedwa zaka, monga 3–4 kapena 5–6, pomwe za m'mayiko ngati Germany ndi Sweden zimalembedwa 92, 98, 104 kapena 110, manambala amene ndi msinkhu wa mwana m'masentimita ndipo amadumphana ndi masentimita 6, ofanana ndi amene mwana amawonjezera pachaka. Kalembedwe kachiwirika n'kodalirika kwambiri, popeza ana a zaka zofanana amasiyana msinkhu ngakhale onse ali athanzi, komanso chovala chochapidwa kambirimbiri chimakhala chitakhwinyata. Nambala imodzi siuza kholo kanthu, koma mwana wa zaka 6 amene zovala zonse zolembedwa 98 zikumukwana bwinobwino ayenera kukayezedwa msinkhu.

Phazi ndilo limavutika kwambiri ndi kulakwitsa saizi. Phazi la munthu wamkulu lili ndi mafupa 26, koma mwa khanda mbali yaikulu ya mafupawa imakhala idakali chichereŵechereŵe, choncho phazilo limalola kupanikizidwa popanda mwana kudandaula, ndipo kholo limazindikira mochedwa poona matuza, zala zopiringizika kapena chikhadabo cholowa m'mnofu. Pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 3 phazi limatalika ndi milimita imodzi ndi theka pamwezi, pomwe saizi imodzi ya ku Ulaya ndi mamilimita osakwana 7 ndipo ya ku Britain ndi pafupifupi mamilimita 8 ndi theka, kutanthauza kuti nsapato ya kamwana kotere imatha ntchito isanang'ambike. Amene amaveka mtsikana nsapato zothina dala kuti asadzakhale ndi mapazi aakulu sachepetsa fupa ndi pang'ono pomwe, amangopotoza zala. Nsapato yaikulu mopitirira, yogulidwa kuti “adzakuliramo” n'kuthiridwa mapepala kutsogolo, imachititsa mwana kukoka miyendo ndi kupunthwa, pomwe kuyenda wopanda nsapato pa dothi loipitsidwa kumatsegulira khomo matekenya ndi njoka zam'mimba zolowera pakhungu.

Pa nthawi yotha msinkhu thupi silikula mogwirizana: mapazi ndi manja amatsogola, miyendo imatsatira, ndipo thunthu limamalizira. N'chifukwa chake nsapato zimayamba kuthina buluku lisanafupike. Atsikana amakula mwaliwiro kwambiri ali ndi zaka 11 kapena 12, anyamata zaka ziwiri pambuyo pake, moti mtsikana wa Sitandade 6 wopitirira anyamata a m'kalasi mwake alibe vuto lililonse, ndipo mapazi ake amasiya kutalika pafupifupi pa zaka 14 pomwe a mnyamata amapitirira mpaka cha pa 16.

Chizolowezi chopita kumsika ndi kamtengo kapena chingwe choyezera phazi n'chabwino kuposa kudalira nambala, malinga mwana wayezedwa ataimirira, mapazi onse awiri, ndipo pawonjezedwa mpata wa pafupifupi mamilimita 12. Telala angathe kusiya mpendero waukulu woti udzamasulidwe chaka chamawa. Kusikelo, kholo liyenera kupempha kuti msinkhu nawo uyezedwe ndi kulembedwa m'buku la mwana, chifukwa sikelo yopachika pamtengo imangosonyeza kulemera.