Nkhondo Inaleka ku Korea, Koma Mtendere Sunadze

Pa 27 July 1953 akuluakulu a asilikali anasaina pangano loleka kumenyana ku Panmunjom, koma la mtendere silinalembedwe kufikira lero. Tsono Korea adakali wogawika pawiri, ndipo pakati pali mpata wa mailosi awiri ndi theka.

Alendo ofika ku Imjingak, kumwera kwa malirewo, amaona mlatho umene akaidi ankhondo oposa 12,000 anawolokerapo pobwerera kwawo chaka chomwecho. Paphiri la Dora amasuzumira mzinda wa Kaesong, kumpoto, ndi magalasi oonera kutali.

Koma nkhalamba zimene zinachokera kumpotoko pothawa nkhondo sizidzera zachilendo ayi. Zimagwada paguwa la Mangbaedan ku Imjingak komweko, nkhope zitaloza kwawo, pakuti manda a makolo awo anatsala tsidya lija, kumene ngakhale kalata siifika.