Mankhwala a Udzu Amapita Kuti Tikatha Kupopera?

Udzu ukafota m'munda timayesa kuti nchito ya mankhwala yathera pomwepo. Koma ena amatsalira m'nthaka, ndipo mbeu ya caka cotsatira ndiyo imakumana nawo.

Amene amaphwanya mankhwala ambiri m'dothi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe timaoletsanso mapesi ndi manyowa. Tizilomboti timagwira nchito pamene nthaka ili yonyowa, yofunda ndi yokhala ndi zoolerana. Nthaka ikauma, nato timaleka.

Atrazine, amene ambiri a ife timapopera m'cimanga, amatha pang'onopang'ono. Nyengo ikakhala yabwino, theka lake limatha pa miyezi iwiri kapena kuyandikira apo, ndipo theka la wotsalayo limafunanso miyezi ina iwiri. M'caka ca cilala, monga ca 2023/2024, amakhalitsa kuposa pamenepo. Cimodzimodzi m'munda wothiridwa laimu wambiri. Cimanga cimapirira atrazine, koma soya, nshawa, nyemba ndi mpendadzuwa sizitero: zimamera bwino, kenaka masamba amacita cikasu kuyambira m'mphepete ndi kuuma. Popeza sagwirira kwambiri ku dothi, madzi amamutsitsa mpaka ku zitsime, makamaka m'nthaka yamcenga. Ndico cifukwa cake maiko a European Union anamuletsa mu 2004.

Glyphosate ndi wosiyana. Akafika pansi amamatirira ku dothi, mizu siimutenga kwenikweni, ndipo tizilombo tija timamuphwanya. Paraquat amamatirira ku dongo mwamphamvu koposa, kotero kuti tizilombo timalephera kumufikira. Amakhala m'nthaka zaka zambiri ngakhale kuti sapha mbeu. Conco mankhwala kuleka kupha udzu sindiye kuti atha.

Popeza timaphunzitsa kasinthasintha wa mbeu, tiyeni tizilemba dzina la mankhwala, tsiku ndi muyeso wa munda uliwonse, ndi kuwerenga pa botolo nthawi yodikira tisanabzale mbeu ina. Ngati tikukayika, titape dothi la m'mundamo ndi lina la pamalo osapoperapo, tiike m'zitini zosiyana, tibzale nyemba ndi kuthirira milungu itatu mvula isanagwe. Za m'dothi la m'munda zikacita cikasu pamene zinazo zili zobiriwira, caka cimeneco tibzalemo cimanga kapena mapira, nshawa zipite kwina. Nyemba zocepa za m'citini n'zochipa poyerekeza ndi thumba lathunthu la mbeu.