Nambala imene idzayese makompyuta mu 2038

Pa 19 Januwale 2038, nthawi ikadzangodutsa 5:14 m'mawa kuno ku Malawi, makompyuta ndi makina ena akale amene adzakhale asadakonzedwe adzasokonezeka n'kuyamba kuonetsa tsiku la 13 Disembala 1901. Gwero la vutoli ndi nambala imodzi: 2,147,483,647.

Nambalayi imapezeka pochulukitsa 2 ndi 2 mnzake mpaka ma 2 atakwana 31, kenaka n'kuchotserapo 1. Ili m'gulu la manambala amene akatswiri a masamu amawatcha prime, omwe sagawika ndi nambala ina iliyonse popanda chotsalira kupatula 1 ndi iwo eni. Mwachitsanzo, 15 amagawika ndi 3 komanso 5, pomwe 7 ndi 13 sagawika.

Kutsimikiza zimenezi pa 13 n'kosavuta. Pa nambala yopitirira mabiliyoni awiri ndi nkhani ina. Amene adakwanitsa ndi Leonhard Euler wa ku Switzerland, m'chaka cha 1772, kulibe makompyuta ndipo iye maso atafa kale. Sadayese kugawa ndi nambala iliyonse. Adadziwa kuti ngati ilipo yoigawa, ina mwa izo siyingapose 46,340, ndipo adapeza njira yosefera manambalawo mpaka kutsala ochepa oti ayese. Onsewo adasiya chotsalira.

Ma prime opezeka pochulukitsa ma 2 n'kuchotserapo 1 amatchedwa dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene adamwalira mu 1648. Mndandanda wawo umayamba ndi 3, 7, 31 ndi 127, ndipo 2,147,483,647 ndi yachisanu n'chitatu. Chochititsa chidwi n'choti 31, chiwerengero cha ma 2 amene adaibereka, nayenso ali pamndandanda womwewo. Manambala a mtundu wapawiri wotere odziwika mpaka lero ndi anayi okha.

Koma kutchuka kwake masiku ano sikudalira Euler. Mapulogalamu ambiri akale amasunga nambala m'timalo 32 totchedwa bit, kalikonse kokhala ndi 0 kapena 1. Kamodzi kamasonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro, choncho powerengera pamatsala 31, ndipo malire ake ndi 2,147,483,647. Mu Disembala 2014, YouTube idalengeza kuti idakulitsa kauntala yake kaamba ka kanema wa Gangnam Style, yemwe adaoneredwa kopitirira malirewa.

Mawotchi a makina ambiri amawerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo sekondi ya nambala 2,147,483,647 idzakwana m'mawa wa tsiku lija. Mafoni ndi makompyuta atsopano ambiri adasamukira kale ku timalo 64, tomwe tingawerenge masekondi kwa zaka pafupifupi mabiliyoni 292. Nkhawa yeniyeni ili pa timakina tobisika m'mafakitale, m'galimoto ndi m'zipangizo zina zomwe zimagwira ntchito zaka makumi angapo popanda wozitsekula.